Diso la boma ndi diso la Joni: zimene ndinaona pa opaleshoni ya ng'ala ya makina a ultrasound

Bambo anga ndi telala. Akhala pakhonde la golosale ina pa Balaka kuyambira ine ndisanabadwe, kupalasa makina a Singer amene anagula ndi ndalama za ku Wenela. Ng'ala itayamba kuwagwira, chimene chinawaulula ndi ulusi. Kupunthwa sankapunthwa, anthu ankawazindikira ndi mawu, koma singano ndiyo inawakana. Ankachita kuitana mwana wodutsa pamsewu kuti awalowetsere ulusi, n'kumupatsa ya switi. Kenako anasoka yunifolomu ya nevi ndi ulusi wakuda, mwini wake n'kuibweza, iwo n'kumalimbikira kuti mtundu ndi umodzi. Munthu wamkulu sakangana naye, ndiye makasitomala anangoyamba kulambalala khondelo mwakachetechete.

Diso lakumanja anawachita opaleshoni mu 2022 kuchipatala chaboma, madokotala a maso atabwera kudzagwira ntchito kwa sabata imodzi. Sitinalipire ngakhale tambala. Lakumanzere ndinawachititsa ine chaka chatha kuno ku Johannesburg, pakiliniki ya maso yolipira, ndi makina aja amene anthu amangoti ndi a laser. Ndiye ndili ndi mwayi umene ambiri alibe, wofanizira njira ziwiri pamutu umodzi. Eni ake maso anachita kuwapatsa mayina: lina ndi diso la boma, lina ndi diso la Joni. Dzina la kilinikiyo sinditchula chifukwa pali zina zimene zinandinyansa, ndipo milandu sindiifuna.

Ndiyambe ndi kulakwa kwathu. Madokotala aboma aja anawauza kuti adzabwerenso pakapita miyezi ingapo kuti adzakonze diso linalo. Bambo sanapite. Poyamba ankati ndi nyengo ya mayunifolomu, kenako mayi anadwala, kenako anangoti diso limodzi likukwana, lachiwirilo n'lokongoletsa nkhope. Panalinso mawu aja amene akuluakulu amauzana pamaliro ndi pabawo, akuti ng'ala umaidikira ikhwime. Mmene ankatsika basi pa Park Station, atayenda usiku ndi usana kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, kamwana ka disolo kanali mbee, ngati diso la chambo chophika. Ndinachita manyazi. Ndipo chilungamo chake, chimene chinanditengera kukiliniki yolipira si nzeru koma kamtima kofuna kuti nanenso ndiwachitireko bambo anga chinthu chodula. Ndalama ya chipereganyu inali itangondipeza mwezi womwewo.

Tsiku loyamba linali la mafunso ndi kuyeza. Anawayeza shuga ndi BP, n'kufunsa mankhwala amene akumwa. Bambo anati palibe. Ine ndinadziwa kuti akunama chifukwa paketi inali m'chikwama changa, ya mapilisi a tamsulosin amene amamwa kuti mkodzo uzituluka bwino. Nkhani ya kumusi mwamuna wa zaka 73 sangaitchule mwana wake wamkazi ali pompo. Ndinangotulutsa paketiyo n'kuiika patebulo, maso ali kukhoma. Dokotala anaitenga n'kulemba ndi inki yofiira pamwamba pa faelo. Anati mankhwala amenewa amafooketsa kachikopa kakuda kozungulira kamwana ka diso, moti pa opaleshoni kamatha kupeperuka ngati nsalu pachingwe n'kumathamangira kukamwa kwa makina. Akadziwiratu amakonzekera, akapanda kudziwa zimawadzidzimutsa ali mkati. Ngakhale munthu anasiya kumwa kalekale, amayenera kunenabe. Amene muli ndi abambo akumwa mankhwala amenewa, manyazi muwasiye pageti.

Potuluka bambo anangoti, "Iwe, zikwama za anthu umazipisa bwanji?"

"Ababa, chikwamacho n'changa. Munandisungitsa nokha pa Park Station."

Sanayankhe.

Tsiku lomwelo ndi limene ndinazindikira kuti ultrasound, phokoso lija losamveka ndi khutu la munthu, imalowa katatu m'nkhani imeneyi, osati kamodzi. Kagalasi kachilengedwe ka m'diso kakachita ng'ala, amakachotsa n'kuikamo kapulasitiki. Koma kapulasitikiko kali ndi manambala ngati nsapato, ndipo kuti adziwe nambala yoyenera ayenera kuyeza kutalika kwa diso kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Masiku ano amayeza ndi makina a kuwala, munthu amangoika chibwano n'kuyang'ana kadontho. Kwa bambo makinawo anakana. Ng'ala inali yochindikala moti kuwala sikunkadutsa. Mtsikana woyezayo anayesa kanayi, kenako anapita kukatenga kachipangizo kakale konga cholembera, anawadontheza mankhwala a dzanzi, n'kukhudzitsa nsonga yake padiso. Kameneko kamatumiza phokoso limene khutu la munthu silingamve, phokosolo likagunda kumbuyo kwa diso limabwerera, makina n'kuwerengera mtunda. Diso la munthu wamkulu limakhala pafupifupi mamilimita 23 kapena 24. Akaphonya ndi milimita imodzi yokha, munthu amatuluka ndi diso loyera bwinobwino koma lofuna magalasi amphamvu moyo wake wonse. Mtsikana uja anabwereza kambirimbiri mpaka manambala atagwirizana, osathamanga ngakhale panja panali mzere. Pa antchito onse a pamalopo, amene ndinamugomera kwambiri ndi ameneyu.

Kachiwiri anawauza kuti atsinzine, anawapaka mafuta ozizira aja pachikope n'kuyendetsa kachipangizo kena, ndendende sikani ya amayi oyembekezera. Ankafuna kuona ngati kuseri kwa ng'alayo kuli bwino, chifukwa ngati retina, kachikopa ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, inamatuka, kuchotsa ng'ala kuli ngati kutsuka zenera la nyumba yopanda anthu. Pasikirini panaoneka chinthu chozungulira chakuda bii. Bambo ali chitsinzinire anafunsa ngati mimbayo ili ya mwamuna kapena wamkazi. Nditamasulira, chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Dokotala anali mwamuna wofatsa, wosachulutsa gaga m'diwa. Anajambula diso papepala n'kutiuza mosabisa kuti ng'ala ya bambo yapitirira. Kunja yoyera ngati mkaka, koma mkati muli chibulumwa cholimba chofiirira. Ine m'mutu ndinaona nthanga ya bwemba. Anati makina adzafunika mphamvu zambiri kuti aiphwanye, ndipo mphamvu zimenezo zimatopetsa kachikopa koonekera ka kutsogolo kwa diso, choncho tisayembekezere kuti mawa lake adzaona ngwee. Anaonjezera mawu amene sindinayembekezere kumva pamalo olipira: anati pa ng'ala yotere, njira ya manja, yotulutsa ng'ala popanda makina ophwanya, imene anachitidwa kwathu ija si yachikale ayi, ndi yabwino ndithu, ndipo atayang'ana diso lakumanja anati amene anagwira ntchitoyo ali ndi dzanja. Bambo anakhala tsonga ngati wayamikiridwayo ndi mwana wawo.

Titatuluka kwa dokotala tinagwera m'manja mwa mayi wa pakauntala, ndipo nyimbo inasintha. Anatulutsa kabuku konyezimira. Akuti tikaonjezera ndalama, laser idzayamba yadula ndi kufewetsa ng'alayo. Tikaonjezeranso, adzaika kagalasi koonera patali ndi pafupi pomwe. Ankayankhula ngati amene wasankha mtengo wapansi sakonda kholo lake. Apa ndi pamene ndinadziwira kuti zimene anthufe timati opaleshoni ya laser, kawirikawiri si laser n'komwe. Dzina lake ndi phacoemulsification, mwachidule phaco, ndipo chimene chimaphwanya ng'ala ndi kansonga konjenjemera ndi ultrasound, uku ndiye kulowa kwake kwachitatu. Laser yoonjezerayo ilipodi, koma ikamaliza gawo lake phaco imalowabe. Usiku umenewo ndinakhala pafoni mpaka kunja kutayera, ndipo ndinapeza kuti kafukufuku wamkulu amene anachitika ku France ndi wina ku Britain, onse otuluka mu 2020, sanapeze kuti odwala a laser amaona bwino kuposa a phaco wamba. Ndinakana zonse ziwiri. Mayiyo anatseka kabuku kake ngati ndamutukwana.

Anayambitsa njira imeneyi ndi dokotala wa maso wa ku New York, Charles Kelman, mu 1967. Nzeruyo inamubwerera ali pampando wa dokotala wa mano, kachipangizo kotsukira mano kakumunjenjemera m'kamwa. Anaganiza kuti ngati kunjenjemera kumeneku kukugumula zolimba za pamano, kangagumulenso ng'ala ili mkati mwa diso momwemo, n'kuitulutsa pakabowo kakang'ono. Isanafike nthawi imeneyo ankang'amba pafupifupi theka la kutsogolo kwa diso, kutulutsa kagalasiko kathunthu, kusoka, munthu n'kugona m'chipatala masiku angapo. Agogo anga aakazi anachitidwa yoteroyo, yopanda n'kapulasitiki komwe, ndipo ndimawakumbuka ndi magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Akawavula ankasanduka akhungu, ndiye ankagona atawamangirira ndi kansalu kumkono.

Tsiku la opaleshoni tinafika 6 koloko m'mawa. Anawadontheza mankhwala okulitsa kamwana ka diso katatu, kenako a dzanzi. Nkhawa yanga inali chiyankhulo. Munthu amakhala ali maso, nkhope ataiphimba ndi nsalu, ndipo ayenera kumva akamuuza kuti asasunthe kapena ayang'ane nyali. Chizungu cha bambo n'cha sitandade 6, makutu nawonso anayamba kugontha, ndipo ine kufiyeta anandikaniza. Nesi wina wachizulu, mayi wamkulu wojintcha, anandifunsa mawu awiri a Chichewa n'kuwalemba ndi bolopeni kuseri kwa dzanja lake: "osasuntha" ndi "yang'anani nyali". Ali mkati moyeserera katchulidwe, bambo anamulonjera m'Chifanakalo cha kumigodi, chimene sanachiyankhule kuyambira 1974, chaka chimene a Kamuzu analetsa maulendo a Wenela ndege yonyamula anthu akwathu itagwa ku Francistown. Nesiyo anaseka mpaka kugwira khoma, akuti chiyankhulo chimenecho anachimva komaliza kwa agogo ake. Anawatenga pamkono ngati malume ake. Kumeneko ndiye kulandira odwala, ndipo palisiti sikanalembedwe.

Chimene ndinachikonda pakilinikiyi n'choti m'chipinda chodikirira muli TV imene imaonetsa zimene dokotala akuona pamaikulosikopu, wachibale akafuna. Ndinavomera. Diso la bambo anga linadzaza sikirini yonse, lalikulu ngati beseni.

Anayamba ndi kampeni kosongoka, kudula m'mphepete kabala kosakwana mamilimita atatu. Magazi panalibe. Anathiramo utoto wabuluu, poti thumba losunga kagalasiko n'lopyapyala komanso loonekera, ndiye pa ng'ala yoyera silioneka popanda utoto. Kenako ndi kambano kakang'ono anang'amba thumbalo mozungulira, bwalo losalala ngati wachita kujambula ndi kobiri. Ine mwana wa telala ndinadziwa kuti apa ndiye pali luso, chifukwa n'chimodzimodzi kudula khosi la diresi: ukaphonya pang'ono, nsalu imang'ambika kupita kumene sukufuna. Madzi oyera ngati mkaka anatuluka, ndipo nthanga ya bwemba ija inaonekera, yofiirira, yauma gwa.

Ndiyeno kansonga ka phaco kanalowa. N'kachitsulo kabowo pakati ngati kaphesi, kovala kamalaya kofewa. M'chigwiriro chake muli timiyala timene timanjenjemera magetsi akatidutsa, ndipo nsongayo imagunda cha m'ma 40,000 pasekondi imodzi, pamene khutu lathu limalekeza pa 20,000. Ndi munsi wosinja, kungoti waung'ono kuposa ndodo ya machesi ndipo liwiro lake maso sangalione. Ntchito zitatu zimachitika nthawi imodzi: kusinja, kuyamwa zosinjikazo kudzera pabowo lapakati, ndi kuthira madzi amchere kudzera m'kamalaya kaja kuti diso lisaphwe komanso nsonga isaotche, poti chinthu chonjenjemera choncho chimatentha. Dokotala amalamulira zonsezo ndi phazi, ngati mmene bambo amapondera Singer yawo. Anakumba kangalande pakati pa nthangayo, n'kuithyola pawiri ndi kachitsulo kena, kuitembenuza, kuithyolanso, mpaka inakhala tizidutswa. Kenako kamodzikamodzi tizidutswato tinayamba kusowa kukamwa kwa nsongayo ngati nsima m'manja mwa mlendo wanjala. Panali pena pamene kachikopa kakuda kaja kanayamba kupeperuka kulondola nsonga. Dokotala anaima, anathira mankhwala, anadikira, n'kupitiriza. Ndinakumbuka paketi ija patebulo.

Kachidutswa komaliza katapita, sikirini yonse inasanduka yofiira ngati dzuwa likamalowa. Kumeneko kunali kuwala kukubwerera kuchokera kumbuyo kwa diso, kumene sikunafikeko kwa zaka. Ndinalira pamenepo, pamaso pa mzungu wina wachikulire amene ankadikira mkazi wake, ndipo anandipatsa tishu osayankhula kanthu.

Kagalasi katsopano kanalowa katapichiridwa ngati chingambwe, kudzera pakabala komwe kaja, ndipo katafika m'thumba kanayamba kudzitambasula pang'onopang'ono, timikono take tiwiri n'kugwira m'mbali. Nzeru yoika pulasitiki m'diso ndi ya Harold Ridley, amene anaika koyamba ku St Thomas' Hospital ku London mu 1949, ataona kuti oyendetsa ndege zankhondo amene tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo tinawalowa m'maso, maso awo sankalimbana nato. Kusoka sanasoke. Kabalako amakadula mopendeka moti kamadzitseka kokha. Zonse zinatenga mphindi zosakwana 30, ndipo 11 koloko tinali m'takisi, bambo ali ndi kachigoba kapulasitiki padiso, akudandaula njala. Nditawafunsa zimene anamva, anati kuwawa ayi, koma kulira ngati udzudzu uli m'mutu, ndi mitundu ya utawaleza ikusambira. Akuti nesi uja anati "osasuntha" kamodzi kokha, ndipo anatchula bwino kuposa ana a ku Area 47.

Mawa lake ndi pamene zinavuta. Atachotsa kachigobako bambo anaphethira, anayang'ana uku ndi uku, n'kuti, "Mwanawe, ndalama zako zapita m'madzi. Ndikuona nkhungu ya pa Dedza." Anandikumbutsa kuti diso la boma, ngakhale linali lofiira psuu, linaona nkhope ya nesi tsiku lomwe anachotsa bandeji. Mtima wanga unagwa. Dokotala anayang'ana n'kunena kuti ndi zija anatiuza: kachikopa koonekera ka kutsogolo katupa. Kuseri kwake kuli timaselo timene ntchito yake ndi kupopa madzi kuti kakhale kouma ndi koyera. Ultrasound ikachuluka timatopa, tina timafa, ndipo takufato sitimeranso, otsalawo amangotambasuka kutseka mipata. Ng'ala yofewa imasungunuka ndi mphamvu yochepa, munthu n'kuona bwino mawa lake. Yokhwima ndiyo imadya mphamvu. Malangizo aja akuti dikirani ikhwime anali ndi nzeru panthawi ya agogo anga, pamene ankaitulutsa yathunthu. Pa phaco, kukhwima ndiko kumaononga. Tinadzipweteka tokha ndi zaka ziwiri zija.

Nkhunguyo inatenga masiku khumi. Masiku amenewo m'nyumba munali zii. Ine ndinkadontheza mankhwala mitundu itatu motsatira pepala limene ndinamata pafiriji, iwo n'kumangoyang'ana kudenga osandiyankhula. Anatichenjeza kuti diso likayamba kuwawa kwambiri, kufiira moonjezereka, kapena kuona kukamachepa m'malo mowonjezereka, tithamange tsiku lomwelo osadikira deti, chifukwa tizilombo tikalowa mkati diso limatha m'masiku ochepa. Anatipatsa nambala yoimba usiku. Ndinaiyesa kamodzi Lamlungu bambo atadzikanda kutulo, ndipo anayankha munthu weniweni, osati makina. Pamenepo ndiwapatse ulemu wawo. M'mawa wa tsiku lakhumi ndi chimodzi ndinawapeza ali pazenera atatseka diso la boma ndi chikhatho, akuwerenga nambala ya galimoto ya aneba kutsidya kwa msewu. Sanapepese. Anangoti makatani anga ali ndi mpendero wokhota, ndiwapatse awongole.

Tsopano za ndalama, pamene pali dandaulo langa lalikulu. Pepala limene anatipatsa linati R26,000, ndipo mayi wa pakauntala uja anati zonse zili momwemo. Ndinalipira dipoziti, ndinamaliza yotsala m'mawa wa opaleshoni. Patapita sabata kunabwera bilu ya R3,800 ya dokotala wogonetsa, munthu amene bambo akuti anangowabaya kajakisoni kumkono n'kukhala pampando. Kenako ina ya kuyeza kuja, poti akuti ultrasound inali yapadera chifukwa makina a kuwala analephera. Mankhwala odontheza ndinagula ndekha kufamase. Kuphatikiza ndi ya tsiku loyamba, zonse zinadutsa R33,000, diso limodzi. Nditadandaula anandionetsa timalemba tating'ono pansi pa pepala. Ndi zoona tinalipo. Koma malo amene makasitomala ake ndi anthu osaona bwino, kubisa nkhani ya ndalama m'timalemba tonga nyerere ndi nkhanza. Amene alibe medical aid ngati ine, afunse mwachindunji kuti wogonetsa, kuyeza, mankhwala ndi maulendo obwereza zili mkati kapena ayi, ndipo awalembere ndi dzanja.

Dandaulo lachiwiri n'laling'ono pa ndalama koma linandipweteka kwambiri. Palibe amene anafunsa bambo ntchito imene amagwira. Kagalasi wamba kamaona bwino pamtunda umodzi, ndipo dokotala amatha kusankha kuti kakhale koonera patali kapena pafupi. Anangoika ka patali, monga amachitira ndi aliyense. Diso la boma nalonso ndi la patali. Ndiye munthu amene anabwera chifukwa cha singano anatuluka akuwerenga zikwangwani za pamsewu wa N1 koma bowo la singano osaliona. Mwina tikanakambirana tikanasankhabe chomwecho, koma funsolo linayenera kufunsidwa, ndipo inenso ndinayenera kulidzutsa m'malo motanganidwa ndi laser. Anatipulumutsa ndi magalasi owerengera a +3.00 a pashelefu, otchipa kuposa nkhuku. Atawavala analowetsa ulusi kamodzi n'kamodzi, n'kuutulutsa, n'kuulowetsanso, katatu konse, ngati mwana amene wapatsidwa chidole.

Panalinso vuto la masiku. Pasipoti ya Malawi amaidinda masiku 30 pachipata, ndipo mankhwala odontheza okha amatenga pafupifupi milungu inayi, kuyeza magalasi enieni kumafuna diso litakhazikika pakapita milungu inayi kapena isanu ndi umodzi. Ife opaleshoni inachitika tsiku la 12 chifikireni. Anawaona komaliza kutatsala masiku awiri kuti akwere basi, ndipo mabotolo anapita nawo m'thumba la jekete. Ndinapempha kalata yofotokoza zonse zimene anachita ndi nambala ya kagalasiko kuti akaonetse kwathu. Anailemba, koma nditapempha kachitatu.

Atayezedwa ku Blantyre patapita miyezi iwiri, diso la Joni linawerenga mzere umodzi kupitirira diso la boma popanda magalasi. Atawaika magalasi oyesera, onse awiri anafika pamzere umodzimodzi. Mzere umodzi, R33,000. Zimenezi sizodabwitsa kwa madokotala. Ku Nepal, Sanduk Ruit, katswiri wa njira ya manja, anafanizirapo ntchito yake ndi ya katswiri wa phaco wa ku America, David Chang, pa odwala a ng'ala zokhwima, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2007 zinaonetsa kuti pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi magulu awiriwo ankaona mofanana, pamene njira ya manja inali yachangu komanso yotchipa kwambiri. Njira ya manjayo amadula kanjira ka mamilimita 6 kapena 7 pambali yoyera ya diso, n'kutulutsa nthangayo yathunthu, n'kuika kagalasi kolimba. Sifuna makina a mamiliyoni, sifuna timapaipi tatsopano togula ndi ndalama zakunja, siidalira magetsi kwambiri ngati phaco, ndipo ng'ala yolimba siiopa. Kwathu kumene anthu ambiri amafika kuchipatala diso litayera kale, amene anasankha njira imeneyi sanasankhe chifukwa cha umphawi wokha.

Sindikunyoza phaco. Nditaiona ndi maso anga, ndikadzachita ng'ala ine ndidzafuna yomweyo, ndipo ndidzapita msanga ikadali yofewa. Diso silifiira kwenikweni, jakisoni wa pambali pa diso amene bambo amamukumbukabe mpaka lero kuchokera pa opaleshoni ya boma ija nthawi zambiri safunika, kuchipatala sugonako, ndipo munthu wa pantchito amabwerera patangopita masiku ochepa. Dokotala ndi manesi a pakilinikiyi ndingawapatse kholo langa kachiwiri popanda mantha. Kauntala yawo ndiyo ndingaifikire ndi mboni. Koma wina akandifunsa ngati agulitse ng'ombe kapena alowe katapila kuti abweretse mayi ake ku Joni, ndimamuuza kuti ayambe wapita nawo ku Queens, ku Central ku Lilongwe, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Nkhoma, kumene kuli madokotala a maso, ndipo apite mwezi uno. Ndalama ya basi ya Joni agulire magalasi ndi mankhwala, ndi kuwaperekeza tsiku lobwereza.

Panopa diso la boma layamba kuchita kautsi pang'ono. Bambo anaopa kuti ng'ala yabwerera, koma ng'ala siibwerera. Ndi thumba lija losunga kagalasi limene limachita chifunga kumbuyo kwake pakapita zaka, ndipo zimachitika ndi njira zonse ziwiri. Apa ndiye pamafunika laser yeniyeni, yotchedwa YAG, imene imaboola kazenera pathumbapo m'mphindi zochepa munthu ali chikhalire pampando. Achimwene akawaperekeza ku Blantyre mwezi wamawa, ndipo ulendo uno ndawauza kuti nkhani ya mayunifolomu sindikufuna kuimva.

Ndinawaimbira Loweruka, kumbuyo kukumveka Singer ikulira. Ndinafunsa kuti pa awiriwo labwino ndi liti. Anati la Joni ndi lakuthwa koma n'lonyada, linawasunga masiku khumi lisanawapatse moni, pamene la boma ndi mnzawo wakale. Kenako anati akapezeka wobwera kumudzi ndimupatsire magalasi ena awiri a +3.00, chifukwa oyamba aja anawakhalira.